Funsani za Galimoto: Kamwedwe ka Mafuta ndi Saluni za Pabanja

Mwa makalata amene talandira mwezi uno kuchokera kwa awerengi athu a muno mu Johannesburg, ambiri akudandaula za mafuta, ndipo ena akufunsa ngati galimoto ya saluni idakali yoyenera pabanja pamene aliyense akuthamangira magalimoto aatali a mtundu wa SUV. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa kuti akwane pa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, chaka chatha ndinagula saluni yatsopano ya injini ya 1.8 pa ngongole ya kubanki. Pa galasi lake panali pepala lonena kuti imamwa malita 6.5 pa makilomita 100 alionse, ndipo wogulitsa anatsindika kwambiri nambala imeneyi. Koma chiyambire kuyenda nayo kuchokera ku Turffontein kupita kuntchito ku Midrand, sindinaonepo nambala yochepera 8.4 pa dashibodi. Kodi anandipusitsa, kapena galimotoyi ili ndi vuto?
Bambo wa ku Turffontein

YANKHO: Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa pa zimene mwalembazi sindikuonapo vuto la galimoto. Pepala limene munaliona lija lamulo la South Africa limafuna kuti likhale pa galimoto yatsopano iliyonse ya pabanja kuyambira mu 2008, koma nambala yolembedwapoyo sanaipeze poyenda pamsewu. Galimoto amailowetsa m'chipinda choyesera, matayala ake n'kumazungulira pa migolo yachitsulo, ndipo woyendetsa amatsatira mzere wa pa kompyuta umene umamuuza nthawi yonyamuka, yothamanga ndi yoima. Utsi wotuluka kumbuyo amausonkhanitsa n'kuuyeza, ndipo kuchokera ku utsiwo ndi kumene amawerengera mafuta amene injini yatentha.

Mayeso akale a ku Europe otchedwa NEDC, amene manambala ambiri a kuno akhala akuchokera, ndi ulendo wa makilomita 11 okha wotenga mphindi pafupifupi 20. Eyakoni imakhala yozimitsa, nyali zozimitsa, palibe chitunda, palibe ana kumbuyo, ndipo pa malo ena a mayesowo galimoto imatenga masekondi 26 kuti ifike pa liwiro la makilomita 50 pa ola. Mutayerekeza kunyamuka mwa ulesi chotere pa maroboti a mu Louis Botha Avenue, madalaivala a minibasi angakuimbireni hutala mpaka mutachita manyazi. Bungwe la akatswiri lotchedwa ICCT litayerekeza manambala a mayesowa ndi mafuta amene anthu a ku Europe ankathiradi, linapeza kuti kusiyana kunali pafupifupi 9 peresenti mu 2001, koma pofika cha m'ma 2016 kunali kutadutsa 40 peresenti. N'chifukwa chake mu 2017 ku Europe anayamba mayeso atsopano a WLTP, amene amatenga mphindi 30, amayenda makilomita 23 ndipo amafika pa liwiro la 131. Manambala a WLTP amakhala okwererapo ndiponso oyandikira zenizeni, choncho poyerekeza magalimoto awiri muzifunsa ngati manambala awo achokera ku mayeso amodzimodzi, kuopa kuti mungatsutse galimoto yabwino chifukwa chakuti inayesedwa mokhwima.

Opanga magalimoto ali ndi chifukwa chofunira nambala yotsika. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera makilogalamu pafupifupi 2.3, ndipo kuyambira mu 2010 boma la South Africa limadula msonkho pa galimoto yatsopano molingana ndi mpweya umenewu. Zachinyengo zinachitikapo ndithu: mu 2012 Hyundai ndi Kia anavomera kuti manambala a magalimoto awo ena ku America anali okokomeza, ndipo mu 2016 Mitsubishi inavomera kuti inasokoneza mayeso a timagalimoto tating'ono ta ku Japan. Koma kusiyana kumene mukukuona inuku, kwa 30 peresenti kapena kuchepera pang'ono, msewu wanu wokha ukukwanira kukufotokoza. M'mawa uliwonse mumakwera M1, n'kukathithikana pa Buccleuch pamene misewu ikuluikulu imakumana, ndipo galimoto yoima injini ikulira imamwa mafuta osayenda mtunda uliwonse. Mu June ndi July injini imadzuka yozizira kwambiri, ndipo makilomita oyambirira imamwa mopitirira kufikira itatentha. Palinso nkhani ya kukwera kwa mzindawu, umene uli pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya woonjezera mu injini) imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zake. Mpweya wopepukawo paokha suwonjezera kamwedwe, popeza kompyuta ya injini imachepetsa petulo kuti agwirizane ndi mpweya umene walowa, koma dalaivala akamva kuti galimoto yafooka amaponda moto kwambiri, ndipo mafuta amathera pamenepo.

Ngati mukufuna kudziwa zoona, musadalire dashibodi yokha, chifukwa kawirikawiri imakometsa pang'ono. Dzazitsani thanki, ndipo muuze wothira mafuta kuti pampu ikangodziimitsa koyamba asawonjezere madontho aja amene amakonda kuthira pofuna kuti ndalama ikwane bwino. Bwezani kowerengera ulendo pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, kenako mukadzazitsenso pa pampu yomweyo. Gawani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda, n'kuchulukitsa ndi 100. Malita 42 pa makilomita 500 ndiwo 8.4. Mukachita zimenezi pa mathanki atatu kapena anayi mudzakhala ndi nambala yanuyanu. Tsiku lina mudzayende msewu wotakasuka, monga N1 yopita ku Polokwane, pa liwiro la 100 kapena 110. Ikakayandikira 6.5 kumeneko, galimoto yanu ili bwino. Ikakakamirabe pa 8, pitani nayo ku galaja idakali pa chitsimikizo, akaone mpweya wa m'matayala, sefa ya mpweya, mapulagi, mabuleki ogwira okha ndi kuwongoka kwa mawilo.

FUNSO: Akonzi, ine ndi bambo a kunyumba sitikumvana pa galimoto yoti tigule. Tili ndi ana atatu, ndipo chaka chilichonse mu December timapita kumudzi ku Thyolo. Ine ndikufuna saluni yooneka bwino yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Corolla Quest kapena Polo Sedan, koma iwo akuti saluni ndi yachikale, anzawo onse ali ndi magalimoto aatali, ndipo akuti kamwedwe ka mafuta n'chimodzimodzi. Tiweruzeni.
Mayi wa ku Cosmo City

YANKHO: Mayi, kulowa nkhani ya m'banja la eni n'kovuta, koma poti mwapempha nokha ndinena maganizo anga mosabisa: pa banja la ana atatu lokhala mu Johannesburg, limene miyezi khumi ndi umodzi limayenda pa phula, saluni ndiyo imabweza zambiri pa ndalama imene mwalipira.

Ndiyambe ndi pamene bambo akunena zoona. Pakati pa saluni ndi SUV yaing'ono kusiyana kwa mafuta sikukhala kwakukulu nthawi zonse. Toyota inalemba malita 6.3 pa Corolla Quest ya injini ya 1.8 ya giya yodzisintha yokha, ndi 6.8 pa Corolla Cross ya 1.8 ya petulo. Theka la lita pa makilomita 100 silingathetse banja. Tiyerekeze kuti petulo ali pa R22 lita imodzi ndipo mumayenda makilomita 1,500 pa mwezi. Theka la litalo ndi R165 yokha. Koma ngati maso a bambo ali pa galimoto yaikuludi imene imamwa malita 9 pamene saluni ikumwa 7, kusiyana kumafika R660 pa mwezi, kapena R7,920 pa chaka, ndipo ndalama imeneyi ingakwanire mafuta a ulendo wanu wa ku Thyolo, kupita ndi kubwerera. Galimoto yaitali imakankha mpweya wambiri ikamathamanga ndipo kawirikawiri imalemera kuposa saluni ya injini yofanana nayo, choncho pa msewu waukulu ndi pamene kusiyanako kumaonekera kwambiri.

Mafuta si okhawo amene amadya thumba. Magalimoto ambiri a SUV ang'onoang'ono amene adzaza m'misewu yathu ali ndi injini ndi zam'munsi zofanana ndi za magalimoto wamba otsika mtengo, ndipo amakoka ndi mawilo akutsogolo okha monga saluni, kungoti thupi analikweza ndipo matayala ndi aakulu. Mtengo wogulira umakwera, tayala lililonse limakwera mtengo, ndipo inshulansi imatsatira mtengo wa galimoto. Chodabwitsa n'chakuti malo a katundu nthawi zambiri amachepa. Buti ya Corolla Quest ndi malita 452, ya Nissan Almera 490, ya Polo Sedan ya masiku ano 521, pamene ma SUV ang'onoang'ono ambiri safika 400. Pa banja la anthu asanu lonyamula zikwama, mabulangete ndi mphatso za agogo, malita 100 amenewo ndi chikwama china chachikulu chathunthu. Buti ya saluni ilinso ndi ubwino umene aliyense wokhala muno amaumvetsa: ndi bokosi lachitsulo lotsekeka palokha, lopanda galasi. Mukaikamo chikwama cham'manja ndi laputopu musananyamuke, woswa magalasi pa maroboti akasuzumira amangoona mipando.

Ponena za kukhalitsa, Corolla yakhala ikupangidwa kuyambira mu 1966, pofika mu 2021 anali atagulitsa oposa 50 miliyoni, ndipo ma Quest anapangidwa konkuno ku Prospecton, ku Durban. Makaniko wa ku Booysens amaidziwa, wa ku Ndirande ndi wa ku Biwi nayenso amaidziwa, ndipo masipeya ake savuta kupeza ngakhale mutafera pa msewu wa ku Tete. Tsiku lodzaigulitsa simudzasowa wogula, chifukwa oyendetsa Uber ndi Bolt amafuna saluni zoterezi. Komatu chimenechi chilinso ndi kuipa kwake, popeza saluni zambiri zimene zili pa msika zinagwirapo kale ntchito yonyamula anthu usana ndi usiku. Musangoona nambala ya makilomita. Onani mpando wa dalaivala ngati unabwanyuka m'mbali, labala wa pa mabuleki ngati anasalala, zogwirira za zitseko zakumbuyo ngati zinatha, ndipo funsani buku la sevesi lokhala ndi zidindo. Mukagula kwa ogulitsa magalimoto olembetsedwa, lamulo la Consumer Protection Act limakutetezani kwa miyezi isanu ndi umodzi pa zovuta zobisika, pamene mukagula kwa munthu wamba chitetezo chimenechi palibe. Funsaninso mtengo wa inshulansi musanalipire kanthu, chifukwa magalimoto okondedwa ndi anthu ambiri amakondedwanso ndi akuba, ndipo makampani ambiri a inshulansi amafuna kuti muikemo chipangizo cholondolera galimoto ikabedwa.

Pamene saluni imagonja ndi pa msewu wafumbi. Imakhala pafupi ndi nthaka, ndipo ikadzaza anthu ndi katundu imatsikiratu, moti mvula ya mu December ikakumba msewu wa kumudzi mudzamva pansi pakukhula. Pakamwa pa buti ndi popapatiza, choncho firiji kapena njinga yaikulu sizilowa. Okalamba amavutikanso kutsikira pa mpando wotsika. Funso loti mukambirane ndi bambo ndi ili: kuchokera pamene phula lathera kukafika pakhomo pa makolo ndi mtunda wautali bwanji, ndipo ndi woipa motani? Ngati ndi makilomita ochepa amene saluni za m'deralo zimadutsa poyenda mosamala, sikoyenera kulipira zambiri chaka chonse chifukwa cha msewu wa masiku ochepa. Ngati ndi kumapiri kumene ngakhale mapikapu amaterereka, SUV yaing'ono yokoka ndi mawilo akutsogolo nayonso sidzakupulumutsani.

Zoti saluni ndi yachikale, n'zoona kuti opanga magalimoto akuzichepetsa. Volkswagen Jetta imene inkadzaza m'misewu muno sikugulitsidwanso yatsopano kuno. Koma kuchoka m'fashoni kumathandiza wogula, chifukwa mtengo suthamanga. Chimene ndingakuchenjezeni nonse awiri ndi ngongole ya balloon, imene imatsitsa ndalama ya pamwezi n'kusiya chindalama chachikulu choti mudzalipire kamodzi kumapeto. Anthu ambiri amafikira galimoto yaitali kudzera m'njira imeneyi, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo galimoto iliyonse imene mungasankhe, poti muli ndi ana atatu, onetsetsani kuti mpando wapakati wakumbuyo uli ndi lamba wodutsa paphewa, osati wa m'chiuno wokha, komanso fufuzani ngati mtunduwo unayesedwapo ndi a bungwe la Global NCAP, amene mogwirizana ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la AA akhala akuombetsa dala magalimoto ogulitsidwa kuno kuyambira mu 2017 pofuna kuona mmene amatetezera anthu pa ngozi.

FUNSO: Achimwene anga a ku Lilongwe amanyadira kuti Axio yawo yochokera ku Japan imayenda makilomita 20 pa lita imodzi, pamene yanga kuno yalembedwa 5.9. Pa YouTube ndimaonanso anthu a ku America akunena za 40 mpg (mamailosi pa galoni imodzi). Yabwino ndi iti pamenepa? Ndamvanso kuti ku Durban kuli magalimoto a ku Japan otchipa; kodi ndingagule imodzi yoyendera kuno?
Mnyamata wa ku Yeoville

YANKHO: Achimwene, manambala atatuwa akunena chinthu chimodzi m'miyeso yosiyana. Ku Japan, monganso ambiri kwathu, amawerenga makilomita amene lita imodzi imayendetsa, choncho nambala yaikulu ndiyo yabwino. Kuno amawerenga malita amene amathera pa makilomita 100, choncho yabwino ndi yaing'ono. Kuti musinthe, gawani 100 ndi nambala imene muli nayo. Makilomita 20 pa lita ndi malita 5 pa makilomita 100, ndipo 5.9 yanuyo ndi makilomita pafupifupi 17 pa lita. Simuli patali ndi akulu anuwo, makamaka poti nambala ya 20 ngati anaitenga pa mapepala a ku Japan ndi ya mayeso a kumeneko, amene kale ankadziwika kuti amakometsa kwambiri chifukwa ankayendetsa galimoto pang'onopang'ono. Afunseni kuti adzayeze podzaza thanki kawiri monga ndafotokozera pamwambapa, akuyenda pakati pa Area 25 ndi m'tauni nthawi yopita kuntchito.

Za mpg muzisamala nazo, chifukwa galoni ya ku America ndi malita 3.785 pamene ya ku Britain ndi malita 4.546. Ngati nambala ndi ya ku America, gawani 235 ndi nambalayo; ngati ndi ya ku Britain, gawani 282. Choncho 40 mpg ya ku America ndi malita 5.9, chimodzimodzi ndi yanu, koma 40 mpg ya ku Britain ndi malita opitirira pang'ono 7. Manambala a boma la America amawatsitsa dala kuti ayandikire zochitika pamsewu, ndiye Camry kapena Accord yolembedwa 40 kumeneko yachita bwino kuposa galimoto yolembedwa 5.9 pa mayeso akale a ku Europe.

Kuwerenga makilomita pa lita kumapusitsa pa chinthu chimodzi. Munthu wochoka pa galimoto ya makilomita 8 pa lita kupita pa ya 10 amaoneka ngati wapindula pang'ono, koma wachoka pa malita 12.5 kufika pa 10, ndipo wapulumutsa malita 2.5 pa makilomita 100 alionse. Wochoka pa 16 kupita pa 20 amaoneka ngati wapindula kwambiri, koma wapulumutsa malita 1.25 okha. Ndalama yaikulu ili pa kusiya galimoto yomwa kwambiri, osati pa kulimbana ndi achimwene anu pa lita imodzi.

Za ku Durban, musayerekeze. South Africa salola kulowetsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito kuti azigulitsidwa kwa anthu wamba, kupatula ochepa amene bungwe la ITAC limapereka chilolezo pa zifukwa zapadera. Magalimoto a ku Japan amene ali ku Durban ndi odutsa chabe, opita ku maiko oyandikana nawo monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Wina akakuuzani kuti akukonzerani mapepala a kuno, dziwani kuti galimoto yotereyi apolisi akaigwira amailanda, ndipo ndalama yanu simudzaionanso.

FUNSO: Kodi petulo wa 95 amakhalitsa kuposa wa 93? Mnzanga akuti ndikuwononga injini pothira 93.
Mayi wa ku Kempton Park

YANKHO: Mayi, nambala imeneyi sikunena za mphamvu imene ili m'mafuta, koma za mmene petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini asanayake nthawi yake isanakwane. Chifukwa cha mpweya wopepuka wa kuno kumtunda, injini zambiri zopanda turbo zimakhutira ndi 93, n'chifukwa chake amagulitsidwa ku Gauteng pamene m'mbali mwa nyanja mumapeza 95. Tsegulani kachitseko kothirira mafuta kapena buku la galimoto. Ngati palembedwa kuti 93 ndi wololedwa, simukuwononga kanthu, ndipo 95 sangakuyendetseni mtunda woonjezera woti n'kubweza ndalama yake. Ngati injini ndi ya turbo ndipo opanga analemba 95, tsatirani zimenezo. Musavutikenso kuzungulira mzinda kufunafuna petulo wotchipa, chifukwa mtengo wake amaika ndi boma, umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo ndi umodzi m'dera lonse. Mkati mwa mtengowo muli misonkho, kuphatikizapo wa Road Accident Fund, thumba lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu. Dizilo yekha ndi amene mtengo wake umasiyana malo ndi malo.

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndimayendetsa galimoto yonyamula anthu oitanitsa pa foni, ndipo pa mwezi ndimayenda makilomita pafupifupi 5,000. Kodi hybrid ingandipindulire, kapena batire lake lidzandisaukitsa?
Dalaivala wa ku Randburg

YANKHO: Bambo, mwa onse amene alemba mwezi uno, inu ndi amene hybrid inapangidwira. Galimoto yotere ili ndi injini ya petulo ndi mota ya magetsi. Mukaponda mabuleki, mphamvu imene galimoto wamba imataya ngati kutentha imabwerera m'batire, ndipo mukaima pa maroboti kapena mukamakwawa m'chithithi cha pa Gillooly's injini imazima yokha. Hybrid wamba simuilumikiza ku magetsi a m'nyumba, choncho kuzimazima kwa magetsi sikuikhudza. Si zachilendonso, popeza Toyota Prius inayamba kugulitsidwa mu 1997.

Tengani chitsanzo cha Corolla Cross, imene ya petulo yalembedwa 6.8 ndipo ya hybrid 4.3. Manambala onsewa pamsewu adzakwera, koma kusiyana kwa malita 2.5 m'tauni n'kotheka ndithu. Pa mtengo wathu woyerekeza uja wa R22, ndi R55 pa makilomita 100. Tiyerekezenso kuti hybrid mwaigula mokwera ndi R40,000. Ndalamayo idzabwerera mutayenda makilomita pafupifupi 73,000. Kwa banja loyenda 1,500 pa mwezi zimenezi ndi zaka zinayi, koma kwa inu ndi miyezi pafupifupi 15. Amene amayenda kwambiri pa msewu waukulu phindu lawo limachepa, chifukwa pa liwiro la 120 injini ya petulo ndiyo imagwira ntchito pafupifupi yonse. Corolla ya saluni nayonso ilipo ya hybrid.

Pa batire, Toyota imapereka chitsimikizo cha zaka 8 kuno, koma chili ndi malire a makilomita, ndipo inu mudzafika pa malirewo zakazo zisanakwane. Muziika padera kandalama mwezi uliwonse kuchokera pa zimene mukupulumutsa. Batire limazizira ndi mpweya wolowera pa kazenera kamene kali chapansi pa mpando wakumbuyo, ndiye muziona kuti makasitomala sakutsekapo ndi zikwama ndipo fumbi silinadzazepo.

FUNSO: Ndikukonzekera ulendo wa ku Blantyre pa saluni yanga, tili anthu asanu, ndipo ndikufuna kumanga kaliyala pamwamba kuti ndinyamule katundu wa abale. Ndikonzekere mafuta ochuluka bwanji?
Bambo wa ku Germiston

YANKHO: Bambo, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi mtunda wa makilomita opitirira 1,700. Saluni imene imamwa malita 6.5 pa msewu wotakasuka ili yopepuka, ikanyamula anthu asanu ndi katundu muiwerengere 8, ndiye konzekerani malita 140 popita pokha, kuphatikizapo oonjezera a pa mizere ya pa chipata pamene injini imalira galimoto itaima. Kaliyala wodzaza matumba angakweze nambalayo kuposa pamenepo, chifukwa amawononga chinthu chenicheni chimene chimapangitsa saluni kumwa pang'ono, ndicho thupi lotsika lodutsa mumpweya mosavuta. Mphepo imalimbana ndi galimoto mochuluka kuposa mmene liwiro lakwerera: mukachoka pa 100 kufika pa 120, kukankha kwa mpweya kumakwera ndi 44 peresenti. Mukayenda pa 100 mudzafika mochedwerapo, koma mudzaona kusiyana pa thanki iliyonse.

Musanamange kanthu, werengani kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko kamene kamanena kulemera kokwanira kumene galimoto imaloledwa. Saluni zambiri zimanyamula makilogalamu pakati pa 400 ndi 500, kuphatikizapo anthu, ndipo akuluakulu asanu atha kale oposa 300. Kupitirira pamenepo mashoko amatha, matayala amatentha ndipo mabuleki amachedwa kugwira pa zitsetso. Pa kapepala ka matayala palinso nambala yachiwiri ya mpweya wa galimoto yodzaza. Popani kufika pamenepo m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la sipeya. Firiji, masofa ndi matumba olemera a abale ndi bwino kuwatumiza pa mathiraki kapena mabasi amene amanyamula katundu wa ku Malawi sabata iliyonse.

Mukadutsa Limpopo musadabwe galimoto ikayamba kumwa mokwererapo. Petulo wa ku Zimbabwe amasakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka 20 peresenti, ndipo kwathunso akhala akusakaniza kuyambira m'ma 1980 ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, kenako ndi za ku Nchalonso. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi ya petulo, choncho thanki yomweyo imayenda mtunda wofupikirapo. Dzazitsani ku Musina musanawoloke, musalole singano kutsika kupitirira theka pakati pa Harare ndi Tete, ndipo dzazitsaninso ku Tete musanakwere mapiri a ku Zobue, popeza m'zaka zapitazi mafuta akhala akusowa kawirikawiri ku Malawi. Imbani foni kwa abale sabata yonyamukira kuti akuuzeni mmene mizere ilili ku Mwanza ndi ku Blantyre, ndipo ngati galimotoyo idakali pa ngongole, kalata ya banki yoilola kutuluka m'dziko muipemphe kudakali milungu ingapo.